Chomwe chingasiyanitse pulogalamu ya rendering ndi zinzake pamsika

Munthu akafuna kumanga loji ku Cape Maclear kapena nyumba ku Namwera, masiku ano samakhutira ndi pulani ya mizeremizere. Amafuna aone nyumbayo ili chiimire, khonde lake, mthunzi wake, nyanja ikuonekera pawindo, asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Ntchito yosandutsa pulani ya 3D kukhala chithunzi chotere ndiyo rendering, ndipo mapulogalamu ake ngambiri: V-Ray, Corona, Enscape, Lumion, Twinmotion, D5 Render, komanso Cycles ndi EEVEE za mu Blender.

Pa kukongola kwa chithunzi mpikisano unatha kalekale. Ambiri mwa mapulogalamuwa amatsata njira imodzi, yoponya timizere ta kuwala kuchokera pa kamera n'kumatsata momwe tikunjanjira pamakoma, ndipo masamu ake anawalongosola James Kajiya mu 1986. Mukayalika zithunzi ziwiri zokonzedwa bwino, kasitomala sangaloze kuti ichi ndi cha V-Ray, icho ndi cha Cycles. Kutchipa nakonso sikupulumutsa, pakuti Blender ndi yaulere, ndipo Twinmotion, yomwe kampani ya Epic Games inagula mu 2019, salipiritsa makampani ang'onoang'ono. Wobwera kumene pamsika sangapikisane ndi zaulere pongotsitsa mtengo.

Mpata uli pa nthawi yomwe imadutsa kasitomala akati "tasinthani apa" kufikira ataona chithunzi chatsopano. Wojambula mapulani ali ndi mwini loji pa tebulo, mwiniwakeyo akuti denga likhale laudzu, malata ayi, khonde litalike ndi mita imodzi. Ngati wojambulayo ayenera kusunga fayilo, kuitumiza ku pulogalamu ina, kuikanso mitundu yonse yomwe yasokonekera panjira, ndiye kuti msonkhano watha. Enscape inatchuka chifukwa imakhala mkati mwa mapulogalamu ojambulira mapulani, SketchUp, Revit kapena Archicad, momwemo: khoma likasuntha papulani, pachithunzi lasunthanso. Chaos, eni ake a V-Ray, anaphatikizana ndi Enscape mu 2022, ndipo ife tikuona kuti n'chizindikiro chakuti ngakhale akuluakulu anazindikira komwe makasitomala akulowera.

Koma liwiro lomwe amalengeza limayezedwa pa makompyuta amphamvu, pomwe ofesi zambiri kuno zimadalira laputopu yogula kale ntchito. Apa mpofunika kuwerengera. Chithunzi cha 1920 kwa 1080 chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamafuna timizere ta kuwala tambiri. Tikachepa, chithunzi chimatuluka ngati chawazidwa mchenga. Kuti mchengawo uchepe ndi theka, timizere tiyenera kuchuluka kanayi, nthawi nayonso kanayi. N'chifukwa chake chida chosesa mchenga, denoiser, chili chofunika kwambiri. Intel inatulutsa Open Image Denoise mu 2019, yaulere, ndipo imatha kugwira ntchito popanda GPU (chipangizo cha mu kompyuta chopanga zithunzi) yodula. Vuto lake, ikasesa mopyola muyeso imafufuta tinthu ting'onoting'ono: denga laudzu limaoneka ngati lomata ndi dothi, mphasa imasanduka pulasitiki. Pulogalamu yanzeru imapatsa denoiser chithunzi cha mitundu ndi cha mayang'anidwe a makoma padera, kuti idziwe kuti mizere ya udzuyo si zinyalala.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi VRAM, nkhokwe ya mu GPU. Chithunzi chimodzi cha njerwa chokutira khoma, cha 4096 kwa 4096, chosapanikiza chimadya ma MB 64. Khoma limodzi limafuna zithunzi zotere mwina zinayi, cha mtundu, cha kukhakhala, cha mabampu ndi cha kunyezimira, ndiye ma MB 256 apita. Makoma 16 okha a mitundu yosiyana adzaza GPU ya 4 GB, mitengo ya pabwalo musanaike. Mapulogalamu ena akafika apa amangodzitsekera osanena kanthu. Yomwe ingachenjeze msanga, n'kuchepetsa yokha zithunzi za zinthu zakutali, kapena kusamutsira katundu wina ku RAM, nkhokwe ya kompyuta yonse, n'kupitiriza pang'onopang'ono, imeneyo wojambula saisiya. Pa mitengo ya pabwaloyo, pulogalamu igwiritse ntchito instancing, kusunga mtengo umodzi n'kuuonetsa malo 200 m'malo mosunga mitengo 200.

Ndiye pali magetsi. Kanema wa mphindi imodzi wa zithunzi 30 pa sekondi ndi zithunzi 1,800. Chilichonse chikamatenga mphindi 2, ndi maola 60 kompyuta ili chiyakire, ndipo m'kutentha kwa Okutobala ku Mangochi laputopu imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Magetsi akathima pa ola la 50, pulogalamu yolemba molunjika mu fayilo ya kanema nthawi zambiri imataya zonse. Yosunga chithunzi chilichonse pachokha, monga PNG, n'kuyambira pomwe inalekezera, imangotaya chimodzi. Izi zikhale zoikidwiratu, munthu asachite kuzifufuza. Chimodzimodzi layisensi: yofuna intaneti nthawi iliyonse poyatsa imaimitsa ntchito bandulo ikatha, ndipo yolipira chaka chonse pa khadi ya madola ndi mtolo wolemera ndalama zakunja zikamasowa. Kulola malipiro a mwezi umodzi kudzera kwa wogulitsa wakuno wolandira Airtel Money kapena TNM Mpamba kungakope anthu omwe panopa amathawira ku makope akuba.

Mbali yomwe opanga ambiri amainyalanyaza ndi katundu wa mu laibulale, zinthu zokonzeratu zoika pachithunzi. Mutsegula mupeza mitengo ya ku Ulaya, chipale, misewu yoyala miyala. Mlambe, mgwalangwa woona, bwato, njerwa zootcha zosiyana kapsedwe, malata a IBR, bango, mchenga wa m'mbali mwa nyanja, ndi anthu ovala zitenje ndi mikanjo, zonsezi wojambula amachita kusakasaka. Loji ya ku Monkey Bay yozunguliridwa ndi mitengo ya paini kasitomala amaiona kuti si yake. Zinthu 100 zakuno zokonzedwa bwino, zopepuka kutsitsa, ziposa zikwi zachilendo.

Dzuwa nalo lisakhale longokongoletsa. Mangochi ili pafupifupi madigiri 14.5 kummwera kwa equator, choncho mu Juni masana dzuwa limapendekera kumpoto, pa madigiri pafupifupi 52 kuchokera pansi, pomwe mu Disembala limakhala pafupi ndi paliwombo, pa madigiri 81, chakummwera pang'ono. Pulogalamu ikasiyidwa pa malo omwe inabwera nawo, a ku Ulaya kapena America, mthunzi umagwera mbali yolakwika, ndipo munthu angaike khonde poganiza kuti pazikhala mthunzi, pomwe dzuwa lizidzawomba mpaka pabalaza. Pulogalamu ifunse malo, tsiku ndi ola poyambirira penipeni, ionetse muvi wa kumpoto poyera, ndipo ilole wojambula kukoka nthawi kuchokera m'mamawa mpaka madzulo kasitomala akuonerera mthunzi wa khonde ukuyenda pansi.