Msonkho wa sales tax pogula katundu pa intaneti ku America: mafunso ndi mayankho

Mwasankha foni ya $800 pa webusaiti, mwalemba adiresi ya mumzinda wa New York, ndipo pofika polipira mtengo wasanduka $871. Wogulitsa sanakubereni. $71 yowonjezerayo ndi msonkho wa pa malonda, womwe ku America amautcha sales tax, ndipo umatsata komwe katunduyo akukatsikira.

Msonkhowu ndi wa ndani?

America ilibe VAT ya dziko lonse ngati yomwe tinazolowera ku Malawi. Chigawo chilichonse chimakhazikitsa msonkho wake. Zigawo 45 pamodzi ndi Washington DC zili nawo, pomwe Delaware, Montana, New Hampshire, Oregon ndi Alaska zilibe, ngakhale mizinda ina ya ku Alaska imatolera wakewake. Pamwamba pa msonkho wa chigawo, makhonsolo amaikaponso wawo. Ku Texas chigawo chimatenga 6.25 peresenti, makhonsolo amawonjezera mpaka 2 peresenti. Ku California umayambira pa 7.25 peresenti. N'chifukwa chake foni yomweija imalipira $66 ku Houston, $71 ku New York, pafupifupi $82 ku Chicago, pomwe ku Portland, Oregon, simulipira kanthu. Mtengo wolembedwa pa katundu suphatikizapo msonkho, umatulukira pomaliza.

Wogulitsa ali ku chigawo china. Akutolera bwanji msonkho wa kwathu?

Kale sakanakakamizidwa. Pa mlandu wa National Bellas Hess mu 1967, komanso wa Quill ndi North Dakota mu 1992, Khoti Lalikulu la America linagamula kuti chigawo sichingalamule wogulitsa kutolera msonkho ngati alibe sitolo, ofesi, nyumba yosungiramo katundu kapena antchito m'chigawomo. Nthawi imeneyo nkhani inali ya makatalogi otumizidwa pa positi. Intaneti itakula, lamuloli linayamba kupweteka masitolo a m'tawuni: munthu ankalowa, kuyesa nsapato, kutuluka, n'kukaigula pa intaneti popanda msonkho.

Mu 2016 South Dakota inakhazikitsa dala lamulo losemphana ndi chigamulo cha Quill kuti nkhaniyi ibwerere ku khoti. Pa 21 June 2018, pa mlandu wa South Dakota ndi Wayfair, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, majaji asanu mwa asanu ndi anayi anathetsa lamulo lakalelo. Jaji Anthony Kennedy ndiye analemba chigamulocho. Kuyambira pomwepo, kugulitsa katundu wambiri m'chigawo n'kokwanira kuti wogulitsa azitolera msonkho, ngakhale sanapondeko phazi. Zigawo zinatsatira chimodzichimodzi: Florida inayamba pa 1 July 2021, ndipo Missouri inatsekera pa 1 January 2023.

Ndiye kuti wogulitsa aliyense amatolera?

Ayi. Chigawo chilichonse chili ndi mlingo womwe wogulitsa wakunja ayenera kufika. Lamulo la South Dakota linati malonda opitirira $100,000 pachaka, kapena kugulitsa ka 200, ndipo zigawo zambiri zinatengera pomwepo. Alabama ndi Mississippi zinaika $250,000. California ndi Texas zinaika $500,000. New York imafuna zonse ziwiri: malonda opitirira $500,000 komanso kugulitsa koposa ka 100.

Mlingo wa ka 200 uja unali wankhanza kwa amalonda aang'ono. Wogulitsa zibangili za $10 akagulitsa 200 wapeza $2,000 yokha, koma akuyenera kale kulembetsa ndi kumatumiza malipoti. Zigawo zingapo zinauchotsa, kuphatikizapo South Dakota yomwe mu July 2023, ndipo zinachita bwino.

Nanga ndikagula pa Amazon, eBay kapena Etsy?

Msikawo ndiwo umatolera ndi kukapereka msonkho, ngakhale wogulitsa weniweni ali munthu mmodzi wogulitsira m'galaja la nyumba yake. Zigawo zonse zomwe zili ndi sales tax zinaika udindowu pa misika yotere. Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito nayenso amalipira.

Amawerengera adiresi iti?

Nthawi zambiri ya komwe katundu akupita, osati ya pa khadi lanu la ku banki kapena ya wogulitsa. Mukakhala ku Oregon n'kutumizira mchemwali wanu mphatso ku Chicago, mulipira msonkho wa ku Chicago. Vuto limabwera pa ZIP code, nambala ya dera la positi: malire a positi ndi malire a makhonsolo sagwirizana, moti nyumba ziwiri za ZIP code imodzi zingalipire mosiyana. Lembani adiresi yonse, ndipo mukaona kuti peresenti yakwera, yang'anani pa webusaiti ya nthambi yotolera misonkho ya chigawo chanu musanadandaule kwa wogulitsa.

Sanandidule msonkho. Ndapulumuka?

Simunapulumuke. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Sales tax ili ndi mnzake wotchedwa use tax, msonkho wa kugwiritsa ntchito katundu m'chigawo, ndipo peresenti yake kawirikawiri ndi yofanana. Wogulitsa akapanda kutolera chifukwa sanafike pa mlingo, ngongoleyo imagwera wogula. Msonkhowu unalipo chigamulo cha Wayfair chisanabwere. Chigamulocho chinangosintha woutolera.

Kalipiridwe kake n'kosavuta. Ku California pali mzere wake pa fomu 540 ya msonkho wa pachaka, ndipo ku New York uli pa fomu IT-201. California imalola kugwiritsa ntchito tebulo longoyerekeza potengera zomwe mumapeza pachaka, koma pa katundu wosafika $1,000 chinthu chimodzi. Laputopu ya $1,200 muyenera kuiwerengera payokha. Ngati munalipira kale msonkho ku chigawo china pa katundu yemweyo, amakuchotserani ndipo mumangopereka chotsalira, choncho sungani malisiti. Pa galimoto palibe kozembera, chifukwa amakudulani tsiku lolembetsa.

Katundu yense amalipira?

Zimatengera chigawo. Zovala zambiri sizilipira ku Pennsylvania, New Jersey ndi Minnesota. Ku New York chovala chosafika $110 sichilipira msonkho wa chigawo, ndipo ku Massachusetts $175 yoyambirira siilipira. Mtengo wotumizira nawonso umasiyana: ku Texas ndi ku New York umalipira msonkho ngati katunduyo amalipira, pomwe ku California sulipira ukalembedwa pawokha pa lisiti ndipo uli mtengo weniweni wa kampani yonyamula katundu.

Mukabweza katundu n'kulandira ndalama zanu zonse, msonkho nawo ubwerere.

Ndili ku Lilongwe, ndimagula ku America. Zikundikhudza?

Wogulitsa akatumiza katundu molunjika ku Malawi, sales tax palibe. Koma anthu ambiri amalemba adiresi ya m'bale wawo kapena ya kampani yotumiza katundu kunja, ndipo kwa wogulitsa katunduyo wathera pa adiresi imeneyo. Ikakhala ya ku Texas, nthawi zambiri mulipira msonkho wa ku Texas ngakhale katoniyo ingogonako masiku atatu. Ichi n'chifukwa chake makampani ambiri otumiza katundu anamanga nyumba zawo ku Delaware ndi ku Oregon. Pa foni ya $800, kusankha adiresi kukhoza kukupulumutsirani $66. Katunduyo akafika kuno, msonkho wa pa chipata ndi VAT za MRA ndi nkhani ina, ndipo zomwe munalipira ku America sizichotsedwapo.

Ndimagulitsa kwa makasitomala a ku America. Ndiyambire pati?

Mlingo umakhudzanso wogulitsa wa kunja kwa America, kaya ali ku Blantyre kaya ku Johannesburg. Ngati mumagulitsira pa Etsy pokha, msikawo ukukutolererani. Mukakhala ndi webusaiti yanu, gawani malonda anu potengera chigawo mwezi ndi mwezi. Nyengo yowerengera imasiyana: Texas imaona miyezi 12 yapitayo, California imaona chaka chino kapena chatha, ndipo zigawo zina zimaphatikiza malonda a pa Etsy kapena Amazon pa mlingowo pomwe zina zimawasiya.

Mukadutsa mlingo, lembetsani kaye musanayambe kutolera, chifukwa kutolera msonkho wopanda chiphaso ndi mlandu. Zigawo 24 zili mu mgwirizano wa Streamlined Sales Tax, ndipo mungalembetse kwa zonsezo pa fomu imodzi. Texas imalola wogulitsa wakunja kusankha peresenti imodzi ya makhonsolo onse m'malo mofufuza ya mzinda uliwonse. Wogula akanena kuti akukagulitsanso katunduyo, musamumvere pakamwa. Tengani chikalata chake cha resale certificate, chotsimikiza kuti akukagulitsadi, n'kuchisunga, apo ayi msonkhowo udzatuluka m'thumba lanu.

Zolakwika zitatu zimabwerabwera. Katundu wanu akakhala m'nyumba yosungira ya Amazon m'chigawo china, zigawo zambiri zimati muli momwemo, mlingo mwafika kapena simunafike. Mukalembetsa, lipoti limatumizidwa pa nthawi yake ngakhale simunagulitse kanthu, ndipo kuiwala kumabweretsa chindapusa. Chachitatu ndicho choopsa: ndalama za msonkho si mpamba wa bizinesi. Ndi za boma kuyambira tsiku lomwe kasitomala walipira, ndipo zikadyedwa zigawo zambiri zimalondola mwini kampani payekha. Tsegulani akaunti yapadera, muzisamutsiramo ndalamazo sabata iliyonse.