Sitima yachidole ya DCC iime bwanji pa siginolo yofiira? Mafunso ndi mayankho

Bwanji osangodula magetsi ngati kale?

Pa analogi zinkatheka bwinobwino, mumadula njanji pawiri, siginolo ikafiira switchi ikuthimitsa kachigawo kameneko basi sitima yaima. Koma pa DCC, njira ya digito yoyendetsera sitima zachidole, magetsi amakhala mu njanji nthawi zonse, ndipo malamulo opita ku dikoda, kabolodi ka mu injini kamene kamaiyendetsa, amadutsa momwemo. Mukadula ndiye kuti injini ingoti zii pompo ngati yagunda khoma, nyali zazima, saundi yatha, ndipo ikakhala ndi ka stay-alive kosunga magetsi ingopitirira kudutsa siginoloyo ngati palibe chachitika. Magetsi asiyeni, dikodayo ingouzidwa kuti igwire mabuleki yokha.

Ndiye iuzidwa bwanji?

Njira imene ine ndimaikonda ndi ABC, anayambitsa ndi a Lenz aku Germany, omwe aja amene DCC yenseyi inachokera kwa iwo a NMRA, bungwe la okonda sitima zachidole ku America, asanaivomereze m'zaka za m'ma 1990. Magetsi a DCC amasinthasintha mbali mofanana ndendende. ABC imangowapendeketsa pang'ono, mbali imodzi voteji itsikeko, dikoda ikamva kupendekako imadziwa kuti apa ndiime. Zofunika ndi ma diode 5 basi, anayi mondondozana, wachisanu moyang'ana kumbuyo kulumikiza nsonga ziwirizo. Diode iliyonse imadya pafupifupi 0.7 V, ndiye kusiyanako kumangokhala pafupifupi ma volti awiri. Ngati kuwotcherera mawaya simukufuna, ka BM1 ka Lenz ndi zomwezi zoikidwa kale pa kabolodi.

Ndidule njanji iti?

Imodzi yokha, ya kumanja mukayang'ana komwe sitima ikulowera. Ikani zolumikizira njanji za pulasitiki poyambira ndi pothera, kenako waya wopita ku kachigawoko adutse kaye mu ma diode aja. Switchi kapena relay ya siginolo imakhala pambali pa ma diode, ikabiriwira imatseka n'kuwalambalala, magetsi abwerera mwakale, sitima inyamuka pang'onopang'ono malinga ndi CV3 (ma CV ndi manambala osinthira khalidwe la dikoda, CV3 ndi ya kanyamukidwe). Chokoma china sitima yobwera kuchokera mbali inayo imangodutsa osaima, monga zimakhalira pa njanji yeniyeni, siginolo ya mnzako siikukhudza.

Ndachita zonsezi koma ikungodutsa, chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi CV27, yoyatsira ABC, imabwera yozimitsa pa madikoda ambiri. Pa madikoda a ESU ndi Zimo lembani 1, ikaima mbali yolakwika yesani 2, mukaika 3 iziima mbali zonse. Ena a Lenz amayatsira pa CV51, ndiye kabuku ka dikoda musataye ayi. Ndipo si dikoda iliyonse imadziwa ABC, zotchipa zina sizimva n'komwe, mutha kukhala usiku onse mukusinthasintha mawaya pomwe vuto lili mu injini.

China chimene chinandizunza ine ndi magudumu achitsulo a mabogi. Gudumu likaponda pa mpata paja limalumikiza zigawo ziwiri za njanjiyo kwa kamphindi, kupendeka kuja kwatha, injini nkumati igwire isiye igwire isiye. Mabogi a nyali omwe amatenga magetsi kutsogolo ndi kumbuyo ndiye amanyanya. Ndinachita kudzaza mpatawo ndi kapulasitiki nkupala pang'ono kuti zikhaleko bwino.

Diode iliyonse ingachite?

Ayi ndithu. Ndinayambira ma 1N4001 a 1 A poti ndi omwe anali mu kabokosi, injini itagwa pa pointi nkuchita shoti ndinangomva kafungo kopserera pansi pa tebulo, chala kugwira diode eee moto. Tengani a 3 A, makamaka othamanga ngati UF5404, chifukwa shoti ikachitika karenti yonse ya booster, kabokosi kopereka magetsi ku njanji, imadutsa pamenepo.

Kachigawo koimirako katalike bwanji?

Kaposere mtunda umene injini yanu yothamanga kwambiri imatenga kuti iime. Pa sitima za sayizi ya HO ine sindichepetsa mita imodzi. CV4, ya kaimidwe, ikakula injini imapitirira siginolo, ndiye bola muyatse constant braking distance, pa ESU ndi CV254, kuti yothamanga ndi yoyenda mwaulesi zonse ziime malo amodzi.

Nanga injini ikakhala kumbuyo ikukankha?

Apa BM1 yokha siithandiza, mabogi onse akhala atadutsa siginolo injini isanafike pa ma diode. Pamafunika BM2, kabolodi kena ka Lenz, ndipo bogi yakutsogolo izidya karenti pang'ono, nyali kapena resistor pa ekiselo, kuti imveke kuti yalowa.

Siginolo yeniyeniyo ndiitengere magetsi ku njanji?

Bola thiransifoma yakeyake, booster isamalemedwe ndi nyali. Ma LED musaiwale resistor, 1k imachita pa 12 mpaka 16 V, ndipo onani kaye ngati a fakitale anaika kale pa waya musanadule kalikonse. Amene mukuyendetsa ndi kompyuta pa JMRI kapena Rocrail, ma diode sakufunikanso, inu ndi ma detekita omva chigawo cha njanji chimene sitima ili, pulogalamuyo ndi imene iziimitsa sitima.