Si Kuda Konse Pa Siliva Komwe Kuli Litsiro

Alendo akaima pa galasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale n'kuona siliva atadetsedwa, funso lawo limakhala limodzi: "Bwanji osamupukuta kuti awale?" Ife osamala zinthu zakale timalimva kawirikawiri, ndipo yankho lake limaoneka bwino pa zodzikongoletsera za ku Greece.

Kumpoto chakumadzulo kwa dzikoli, m'dera la Epirus, mzinda wa Ioannina ndi mudzi wa m'mapiri wa Kalarrytes zidatchuka ndi amisiri osula siliva m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Sotirios Voulgaris, yemwe adatsegula sitolo ya zodzikongoletsera ya Bulgari ku Rome mu 1884, adachokera m'dera lomweli. Ntchito za amisiriwa lero zili ku Benaki Museum ku Athens, yomwe idakhazikitsidwa mu 1930, komanso kumalo osungirako zasiliva omwe adatsegulidwa mu 2016 mkati mwa linga la Ioannina.

Yang'anitsitsani porpi, chomangira lamba chachikulu chomwe mkazi ankavala pamimba pa tsiku laukwati ndi pa zikondwerero. Pa zina muona maluwa ndi timasamba takuda bii pakati pa siliva woyera. Kuda kumeneko Agiriki amakutcha savati. Mmisiri ankayamba wagoba timizere pa siliva. Kenako ankasungunula siliva, mkuwa, mtovu ndi sulufule pamodzi, n'kupera chosakanizacho mpaka chikhale ufa. Ufawo ankaudzaza m'timizere tija, n'kuika pamoto kuti ulowerere, kenako n'kupala mpaka pamwamba pasalale. Ukapitiriza moto pang'ono chabe, ntchito ya masiku ambiri yawonongeka.

Vuto lili apa: kuda komwe kumabwera pa siliva akakhalitsa nakonso kumachokera ku sulufule wa mumpweya. Kuda kwa mmisiri ndi kuda kwa nthawi ndi pachibale. Mankhwala oyeretsera siliva sasiyanitsa, amadya zonse. Ndidagwirapo chomangira lamba china chomwe munthu wamtima wabwino adachinyika m'mankhwala otere. Chinkawala ndithu, koma maluwa aja adatsala maenje okhaokha. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa savati akachoka sabwereranso.

N'chifukwa chake timagwira pang'onopang'ono, ndi kathonje kunsonga kwa kamtengo, diso lili pa galasi lokulitsa zinthu. Timavala magolovesi popeza thukuta la m'zala limasiya chidindo. Pa zinthu zolukidwa ndi timawaya ta siliva topyapyala ngati ulusi, timasamalanso kwambiri kuti mankhwala asatsalire m'mipata.

Chovuta china ndi zovala zimene. Akazi a mtundu wa Sarakatsani, omwe anali oweta nkhosa, ankavala nsalu zaubweya, ndipo ubweya umatulutsa sulufule. Mukatsekera diresi ndi siliva wake m'kabati imodzi, siliva amada msanga. Mukazilekanitsa, mlendo saonanso pomwe kiousteki, matcheni asiliva ovala pachifuwa, ankakoledwa, kapena momwe mkanda wa ndalama zachitsulo zoboola unkalendewera. Ndalamazo zinali chuma cha mkaziyo, zomwe banja likanatha kudula n'kugulitsa pa nthawi ya mavuto.

Ine ndimasankha kuika diresi ndi siliva wake pamodzi. Timaika makala okonzedwa mwapadera m'kabatimo kuti aziyamwa sulufule, kansalu kotchinga pakati pa siliva ndi ubweya, ndipo timayendera kabatiyo pafupipafupi kuona ngati mtundu wa siliva wayamba kusintha.