Four-wheel imathandiza kukoka, siithandiza kuima

Ambiri amakhulupirira kuti Hilux kapena Land Cruiser ndi yotetezeka kuposa galimoto yaing'ono pamsewu wa phula, ndipo ena amaika 4H (giya ya four-wheel, yokoka ndi matayala onse anayi) paliponse. Ayi ndithu. Mabuleki amagwira matayala onse anayi pagalimoto iliyonse, ndiye four-wheel siwonjezerapo kanthu poima. Hilux imalemera pafupifupi matani 2 ndipo thupi lake lili m'mwamba. Mukakhotetsa mwadzidzidzi pozemba wanjinga, imagubuduka mosavuta.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi 4H pa phula louma. Hilux zambiri zilibe centre diff (chipangizo cholola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana), choncho mukaika 4H kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa pamodzi. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope amaterereka pang'ono nkhani n'kutha, koma pa phula mphamvuyo imakanirira mu transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo). Chiwongolero chimalimba, matayala amalira n'kuperepeseka, giya imakana kutuluka. Zikatero imani, bwererani m'mbuyo pang'ono molunjika, kenako ikani 2H (giya yokoka ndi matayala akumbuyo okha).

Matayala a mano akuluakulu nawonso sagwira bwino phula lonyowa, ndipo amamwetsa mafuta. Pamene galimotoyi imapambana ndi m'maenje ndi m'misewu yafumbi nthawi ya dzinja, chifukwa mimba yake siikhula pansi.