Ndalama ya chitukuko inachokera kuti, poti pulayimale ndi yaulere?

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasukulu ya boma mu Lilongwe, kaya ndi ku Chinsapo, ku Kauma, ku Area 25 kapena ku Kawale, nkhani zambiri zimadutsa anthu akungogwedeza mitu. Zoti ana akuchedwa, zoti azibwera ndi tsache Lolemba, zonsezo palibe amatsutsa. Koma a tcheya a komiti akangotchula ndalama ya chitukuko, manja amakwera mbali zonse. Makolo amafunsa kuti poti boma linati pulayimale ndi yaulere, mwana akubwezedwa chifukwa chiyani, nanga lipoti lake a hedi akulisungiranji mu ofesi. Aliyense amathamangira kutchula chaka cha 1994, pamene fizi inathetsedwa, komatu nkhaniyi inayamba kale kwambiri chaka chimenecho chisanafike.

Sukulu za m'chigawo chapakati sizinayambe ndi boma. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anafika ku Mvera, kwa mfumu Chiwere, mu 1889, ndipo mu 1896 anatsegula Nkhoma kwa Mazengera. Akatolika a chipani cha White Fathers anakhazikika ku Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kuchokera m'malo amenewa tisukulu tinafalikira m'midzi, ndipo pangano lake linali lodziwika: mishoni itumiza mphunzitsi, amenenso anali mlaliki, mudzi umanga. Abambo ankadula mitengo ndi nsungwi, amayi ankamweta udzu ndi kuzira pansi. Nyumba yomweyo Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti yake ya maphunziro mu 1926, ndipo ngakhale pamenepo ntchito yake yaikulu inali kupereka thandizo la ndalama ku mishoni ndi kuyendera. Denga likadontha, palibe ankalembera kalata ku Zomba.

M'nthawi ya Kamuzu zinthu ziwiri zinkayenda pamodzi. Choyamba chinali fizi. Inali makwacha ochepa pa chaka, koma pakhomo pa ana ambiri, kuphatikizapo yunifolomu, inkakwanira kuti bambo asankhe woti apite ndi woti atsale, ndipo wotsala kawirikawiri ankakhala mtsikana. Chachiwiri chinali ntchito zodzithandiza, makamaka pa sabata ya achinyamata, pamene ana a sukulu, apayoniya ndi anthu a m'midzi ankakonza misewu, kumanga milatho ndi kuumba njerwa. Amene anakula nthawi imeneyo amaidziwa bwino ntchitoyi: kukumba dothi la pachulu, kuliponda ndi mapazi mpaka lifewe, kuthira mchenga m'chikombole kuti njerwa isamatirire, kuthamanga nacho kukakhuthula pabwalo, kenako kufunditsa udzu kuti dzuwa lisang'ambe. Zikauma, uvuni. Abambo ankachezera usiku kusonkhezera moto, m'mawa maso ali psuu. Midadada yambiri yakale imene ana akuphunziramo lero inatuluka m'mauvuni oterowo. Koma tisabise, sikuti onse ankapita mwa kufuna kwawo. Kujomba kunali kudziputira mlandu ndi achipani, ndipo ena ankaiona ntchitoyi ngati thangata yemwe uja, wangosintha mwini.

Fizi inayamba kugwedezeka Kamuzu akadali pampando. Kuyambira mu 1991 boma linayamba kuichotsa pang'onopang'ono kuyambira Sitandade 1, ndipo pulogalamu ya GABLE, ya thandizo la USAID, inkalipirira atsikana amene sanabwereze kalasi. Kenako pa 17 Meyi 1994 makolo anafola pamabwalo a sukulu zomwezi kukavota, Bakili Muluzi ndi UDF anapambana, ndipo chaka chomwecho lonjezo la pulayimale yaulere linakwaniritsidwa. Fizi inathetsedwa, yunifolomu inasiya kukhala yokakamiza. Ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchito, nkuwapatsa masabata ochepa a maphunziro, nkuwatumiza m'makalasi, ndipo ambiri anadzamaliza maphunziro awo pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pantchito.

Ndani angatsutse kuti chinali chinthu chabwino? Ana amene akanathera kubusa ndi kulera anzawo anagwira pensulo. Vuto linali loti makalasi sanachuluke pamodzi ndi anawo. Bolodi inatsamira pamtengo, ana anakhala pamiyala ndi pamasaka, mitambo ikangoda aphunzitsi nkuwaweruka. Pa nthawi yomweyo anthu ambiri anamva uthenga wa ufulu motere: zokakamizana zatha, sukulu tsopano ndi ya boma, lidzamanga lokha. Sabata ya achinyamata inafa pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma MASAF, pulogalamu ya boma yothandiza ntchito za chitukuko m'madera, itayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za World Bank, inabweranso ndi pangano lakale lija: simenti, malata ndi amisiri zichokera kwa ife, njerwa, mchenga ndi miyala zichokere kwa inu.

Kumudzi zimenezo zinkatheka, chifukwa nyakwawa ikaitana, imadziwa khomo lililonse limene silinabwere. Mu mzinda wa Lilongwe nkhani inali ina. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, mzindawu unakula mothamanga: kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000, wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Ochuluka mwa anthuwa anakakhala ku Mtandire, ku Mgona, ku Chinsapo ndi madera ena oterowo, kumene nyumba zimamera msanga kuposa makalasi, mpaka sukulu zina zinayamba kuphunzitsa ana ena m'mawa, ena masana. Kholo la kumeneko ndi la lendi, mwina chaka chamawa lidzakhala litasamukira kwina. Bambo amalawirira ku Kanengo, mayi ali pa kaunjika ku Tsoka. Muwauze kuti Lachitatu abwere ndi khasu kudzaponda dothi, ndiye kuti tsiku limenelo pakhomo sipadyedwa. M'mene ine ndimaonera, apa ndi pamene thukuta linasanduka ndalama. Wosatha kubwera apereke kangachepe kuti komiti ilembe aganyu, ndipo m'kupita kwa nthawi aliyense anakhala wosatha kubwera.

Ndalamayo itangoyamba kusonkhedwa, ntchito zake zinachuluka. Sukulu ya m'tauni imafuna mlonda, apo ayi madesiki, zitseko ndi mabuku zidzapezeka zili kumsika. Imafuna kulipira bilu ya madzi, kupopetsa zimbudzi zikadzaza, kusindikiza mayeso a kumapeto kwa teremu, nthawi zina kupereka kangachepe kwa aphunzitsi othandizira. Ngakhale phala linabwera ndi mbali ya makolo. World Food Programme inayamba kudyetsa ana a sukulu ku Dedza mu 1999, Mary's Meals inayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, ndipo kumene phala likuphikidwa, mabungwe amabweretsa ufa (wa mtundu wa Likuni Phala, amene anayambira pa chipatala cha mishoni ku Likuni konkuno), koma amayi odzuka mbandakucha kukavundula miphika ija ndi a m'deralo, osalipidwa.

Boma silinangokhala chete. Cha m'ma 2010 linayamba kutumiza ndalama mwachindunji ku akaunti ya sukulu iliyonse, zimene aphunzitsi amangoti SIG, kuti komiti, makolo ndi a hedi azigwiritsa ntchito potsata pulani imene agwirizana. Lamulo la maphunziro la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1962, linanenetsa kuti pulayimale m'sukulu za boma ndi yaulere komanso yokakamiza, ndipo unduna wakhala ukubwereza kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha zopereka. Koma aphunzitsi aakulu amadandaula kuti SIG ndi yochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ana, ndiponso imafika mochedwa, pamene mlonda amafuna zake pakutha pa mwezi.

Pamenepa a hedi akunena zoona. Makolo nawonso ali ndi mfundo imene komiti zambiri sizikonda kuimva. Njerwa zinkaoneka, munthu ankatha kuwerenga mizere yake padzuwa. Ndalama imalowa m'kabuku ka msungichuma. Lamulungu mipingo imachita lendi makalasi, pabwalo pamachitika misonkhano ndi zochitika zina, ndipo kholo likafunsa kuti zolowa zimenezo zapita kuti, nthawi zambiri limayankhidwa kuti nthawi yatha. Komiti imene imamata ndondomeko ya zolowa ndi zotuluka pakhoma la ofesi, nkupereka risiti kwa aliyense, sivutika kwambiri kutolera. Koma kubweza mwana wa Sitandade 2 chifukwa cha ngongole ya akuluakulu, kapena kumumana lipoti tsiku lotsekera anzake akufupidwa pabwalo, palibe mbiri imene ingakuikire kumbuyo.

Tsopano ngakhale sukulu za kumidzi ya Lilongwe zikulowera komweko. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo, ndipo makalasi atsopano akumangidwa ndi mabuloko a simenti. Mudzi ukhoza kututa mchenga ndi kutunga madzi, koma simenti siumbidwa pachulu, imagulidwa kusitolo.