Masamba owiritsa a Artemisia si LA

Dzinja lililonse malungo akavuta, uthenga uwu umatulukiranso m'magulu a WhatsApp. Umati mankhwala a malungo a LA ndi masamba a Artemisia osinja basi, palibe amene amayeza zili m'kati mwake, ndiye kuwiritsa masamba mumphika n'kumwa n'chimodzimodzi. Limeneli ndi bodza, ndipo limandidetsa nkhawa chifukwa likhoza kuphetsa mwana.

N'zoona kuti artemisinin, mankhwala opha tizilombo ta malungo, amachokera ku chomera cha Artemisia annua. Anamupeza ndi wasayansi Tu Youyou ndi anzake ku China mu 1972. Koma piritsi la LA lili ndi 20 mg ya artemether, wopangidwa kuchokera ku artemisinin, ndi 120 mg ya lumefantrine, amene m'masambamo mulibe n'komwe.

Kuyezako kulipo. Ku labotale amasinja mapiritsi, kuwasungunula, n'kulowetsa madziwo m'makina a HPLC. Makinawa amalekanitsa zosakanizazo, chilichonse n'kumatuluka pa nthawi yakeyake, ndipo kompyuta imajambula mzere wokhala ndi nsonga. Kukula kwa nsongayo amakuyerekeza ndi kwa mankhwala amene mlingo wake ukudziwika kale. Mlingo ukaperewera, mapiritsiwo amakanidwa.

Kapu ya masamba owiritsa ilibe muyezo wotere. Mphamvu yake imasintha malinga ndi mtundu wa chomera, nthaka ndi kasungidwe, n'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO silivomereza kuchiza malungo motero. Mankhwala operewera amasiya tizilombo tili moyo.

Mukakayikira, onani pa paketi dzina la mankhwala, mamiligalamu ndi tsiku lothera mphamvu, kapena funsani azaumoyo ndi a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi. Chonde, uthengawo ukakupezani musautumizenso kwa ena.