Mphaka wanu, pumbwa wa mumtengo wa mango, ndi neti ya mu Bua

Dzinja lapitali kunabwera mayi wina kuntchito kwathu kuno ku Kasungu atakulunga mphaka m'chitenje ngati khanda. Mphakayo amatuluka thovu kukamwa, thupi lonse likunjenjemera, timaso tatsala kadontho ngati nsonga ya singano. Nditangomuona ndinadziwa kuti wadya tameki, poizoni uja amaphera makoswe. Mayiwo misozi ili m'maso akuti, "Adokotala, ndi aneba achita izi, akuti mphaka wanga wawathera anapiye ndi maunda a nkhunda." Ndinati mayi khalani pansi tiyese, tinamubaya jakisoni koma anali atachedwa kale, anatsirizikira patebulo pompo.

Ine ntchito yanga ndi ya ziweto, masiku ambiri ndimakhala ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi katemera wa chitopa, amphaka amabwera mwa apo ndi apo. Koma nkhani ya mayiwa inandikhala pamtima chifukwa onse awiri anali ndi dandaulo lenileni. Wina waluza chiweto chomwe chimamulondera chimanga, winayo waluza anapiye omwe amawerengera kuti akakula agulitse apeze ya feteleza. Nde funso lomwe anandisiyira potuluka ndi loti, kodi mphaka akagwira mbalame walakwa?

Mphaka sanalakwe, ndipo ndikufuna mundimvetse bwino apa. Mphaka wapakhomo kholo lake ndi vumbwe, yemwe uja wa m'tchire, ndipo anayamba kuyandikira anthu kalekale pamene anthu anayamba kusunga mbewu, mbewu zinaitana makoswe, makoswe anaitana vumbwe. Ku chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka, ndiye ubalewu si wa dzulo ayi. Koma m'zaka zonsezi thupi lake silinasinthe kwenikweni. Kanthu kakang'ono kakangogwedezeka, iye amanyang'ama, kudikira, kudumpha, kaya ali ndi njala kaya wakhuta, n'chifukwa chake mumapeza pumbwa wakufa pakhonde osadyedwa n'komwe. Mphaka sadziwa kuti uyu ndi khoswe mdani wa nkhokwe, uyu ndi mwanapiye wa aneba, uyu ndi timba wasiya mazira m'chisa. Alibe nzeru yosankha. Amene ali nayo nzeruyo ndi mwini wake.

Anthu ena amati nanga si chilengedwe, vumbwe wa ku paki ya Kasungu nayenso amadya mbalame. Zoona amadya, koma pali kusiyana kwakukulu. Vumbwe mbewa ndi mbalame zikachepa nayenso amavutika, amabereka pang'ono kapena kusamuka, ndiye tchire limapezako mpata wopuma. Mphaka wapakhomo mbalame zithe zisathe iye madzulo apeza mkute ndi mitu ya usipa, sachepa, amangochulukana. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6 yokha, bere lake ndi la masiku pafupifupi 65, amaswa ana 3 mpaka 5 ndipo pachaka atha kuswa kawiri kapena katatu. Werengani nokha pakatha zaka ziwiri pamudzi pakhala amphaka angati.

Zimene zinachitika pa chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa, zimaonetsa bwino nkhaniyi. Mu 1949 anapititsako amphaka 5 okha kuti akathane ndi mbewa pamalo oyezera zanyengo. Pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400, ndipo m'malo molimbana ndi mbewa anapeza kuti mbalame za m'nyanja zomwe zimaikira mazira m'maenje ndi zosavuta kugwira, amapha mazanamazana a zikwi pachaka. Zinatenga ntchito yaikulu mpaka 1991 kuti amphakawo athe pachilumbapo. Ku America kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza kuti amphaka amapha mbalame zoposa 1 biliyoni chaka chilichonse, ndipo zambiri zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini.

Sindikufuna kunamizira mphaka milandu yonse. Kuno kwathu chomwe chathamangitsa mbalame kwambiri ndi nkhwangwa, mitengo inathera m'zigafa za fodya, m'mauvuni a njerwa ndi makala, aliyense woyenda msewu wa ku Santhe kapena wa ku Chamama amaona yekha. Koma zimenezi ndi zomwe zikupangitsa kuti nkhani ya mphaka ikule, chifukwa mbalame zotsalazo zilibe kwina kothawira, zadzazana m'mitengo ya mango ndi magwafa ya pakhomo, m'nsungwi za kudimba ndi m'nkhalango za kumanda, malo omwewo amene mphaka amayendamo tsiku ndi tsiku. Ndipo nyengo ya mvula ndi pamene mbalame zambiri zing'onozing'ono zimaswa, tiana timatuluka m'chisa tisanadziwe kuuluka bwino, timakhala pansi masiku angapo amake akutidyetsa. Mukagwira mayi mmodzi nthawi imeneyo mwapha chisa chonse.

Mwina mukuti mbalame ili ndi phindu lanji kwa mlimi, si zomwezi zimatidyera mapira ndi mpendadzuwa? Zina zimaterodi, mpheta sitingazikanire. Koma pitani mukaone chomwe mbalame zambiri zimanyamula pakamwa popita kuchisa, ndi mbozi, ziwala, tizilombo, chifukwa ana a mbalame amakula ndi zimenezo. Namzeze tsiku lonse amangowakha tizilombo m'mwamba. Kadzidzi amene timamugenda kuti ndi wa afiti usiku uliwonse amadya mbewa ndi makoswe, ntchito yomweyo imene timawetera mphaka, mwaulele. Ndipo tameki uja mukathira m'nsima kuti muphe khoswe kapena mphaka wa aneba sasankha, adya galu, idya nkhuku, khwangwala atola chakufacho, ndipo mwana wokwawa naye amatola chilichonse n'kuika mkamwa. Chonde abale anga, mkangano wa anapiye usamathere pa poizoni.

Nde mwini mphaka achite chani? Choyamba mudyetseni zenizeni. Ambiri timakhulupirira kuti mphaka ukamudyetsa sagwira makoswe, zimenezo si zoona, wokhuta amagwirabe, koma wanjala amayenda mtunda wautali n'kumakalowa m'makola a eni. Thupi la mphaka limafuna nyama, nsima yokha simukwanira, ndiye kausipa, kabonya, matumbo a nkhuku ophika zimathandiza. Ku yunivesite ya Exeter ku England anayesa zimenezi mu 2021, amphaka opatsidwa chakudya cha nyama yambiri anachepetsa tinyama tobwera nato kunyumba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ongoseweretsedwa ndi kachingwe mphindi 5 mpaka 10 patsiku anachepetsa ndi gawo limodzi mwa anayi. Ana anu atha kuchita zimenezo ndi nthenga yomangirira ku ulusi.

Kenako nthawi. Mbalame zimagwidwa kwambiri m'bandakucha ndi chakumadzulo dzuwa likulowa. Khoswe naye amayenda usiku ndipo amayenda komwe kuli matumba a chimanga. Ndiye mutsekereni mphaka m'chipinda cha matumbacho kapena kukhitchini kuyambira madzulo, muikireni madzi ndi kabeseni ka mchenga, mudzamutsegulire dzuwa litakwera, ntchito yomwe munamutengera aigwira bwino kuposa akamayendayenda. Kabelu ka m'khosi kamathandizako pang'ono koma chingwe chake chikhale choti chitha kuduka akakodwa pa nthambi. Kwa a nkhunda, kulungani lata losalala pa mizati ya khola, zikhadabo zimaterera, ndipo anapiye masabata oyambirira azikhala m'chitete kapena m'kakhola ka waya, zimenezi zimawatetezanso kwa kabawi.

Chachikulu kwa ine ndi kutseketsa. Wamwamuna timafula, wamkazi timachita opaleshoni yochotsa chiberekero, funsani ku ofesi ya za ziweto ya m'dera lanu, ku Lilongwe kulinso bungwe la LSPCA lomwe limagwira ntchito imeneyi. Pomwepo mubayitseni katemera wa chiwewe, chifukwa chiwewe si cha agalu okha, mphaka amatenga ndipo amapatsira munthu. Chomwe chimandipweteka ndi chizolowezi choika tiana ta mphaka m'thumba n'kukataya kutchire. Tambiri timafa ndi njala pang'onopang'ono, topulumukato timasanduka amphaka olusa odalira mbalame zokha, ndipo kwa anzathu a kwa Chulu ndi kwa Lukwa oyandikana ndi paki, amphaka otere amatha kukwerana ndi vumbwe n'kusokoneza mtundu wake.

Tsopano tibwere kwa ife anthu, poti sitingadzudzule mphaka legeni ili m'thumba. Ine ndinakula ndi legeni, ndinadya njiwa, zinziri ndi mbewa, ndipo sindingaimirire pamaso pa munthu amene ana ake agona ndi nsima ya mchere n'kumuuza kuti kusaka ndi tchimo. Ndiwo ndi ndiwo. Koma agogo anga aamuna anali ndi malamulo awo. Tsiku lina ndinagenda njiwa ili pachisa, ndinabwera nayo ndikunyadira, iwo anaitembenuza n'kuona pamimba, anati, "Iwe mwana, iyi imafungatira. Bwerera ukatenge mazirawo udye, chifukwa wawapha kale." Ndinakwera mtengo uja, timazira tiwiri toyera tinali tikadali tofunda. Sanandimenye koma sindinaiwale. Uzimba wawo umachitika chilimwe anthu atakolola, ndipo chimene wapha umadya, osati kuphera kuyesa dzanja.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero unachokera pamenepo. Njira yomwe ukuphera ikusankha kapena ikungosesa chilichonse? Chinyamacho chikufa msanga kapena chikuzunzika? Ulimbo susankha, umagwira ndi kambalame koti simungadye n'komwe, kamakhala kakuphupha maola ambiri nthenga zikuzuka. Moto wosakira mbewa umapsereza zisa za nkhwali ndi nkhanga, timitengo tophukira ndi msipu wa ng'ombe, zonsezo chifukwa cha mbewa zodzaza kambale. Khwekhwe la waya ndiye loipitsitsa, watchera gwape koma likola chilichonse chodutsa, ndinachizapo galu amene waya unamudula mwendo mpaka fupa kuonekera, nyama ya m'tchire yokodwa chomwecho ilibe woichiza, imawola ili moyo.

Paki ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo kusaka m'menemo ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 moti milandu ikuluikulu imafika zaka 30 kundende. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo ndikudziwa kuti anthu a m'malire avutika nazo, minda yaonongeka, mabanja ena alira maliro. Mkwiyo wawo ndi womveka ndipo akuyenera kutetezedwa. Koma waya wotchera usiku subweza chimanga, ndipo njovu yovulala ndi waya imakhala yolusa kuposa kale, amene akumane nayo mawa ndi mayi wopita kotola nkhuni.

Kumadzi nkhani ndi yomweyi. Mbedza imagwira imodziimodzi, yaing'ono utha kuibweza. Mono woluka bwino tinsomba ting'onoting'ono timatulukira m'mipata. Koma katupe akathiridwa padziwe zimayandama zonse, mazira, achule, nkhanu, ndipo ena masiku ano akuthira mankhwala a m'munda m'madzi omwe ng'ombe ndi anthu akumunsi akumwa. Neti ya udzudzu imene tinalandira kuchipatala kuti ana asadwale malungo ndiye yafika ponseponse m'madambo. Ndinaima pa mtsinje wa Bua tsiku lina anyamata akukoka neti yotere, m'katimo munali matope ndi tinsomba tating'ono ngati njere za mpunga, anasankhamo tokulirapo todzaza chitini chimodzi, totsalato anakutumulira pamchenga tikuphiriphitha mpaka tinauma. Ndinafunsa wamkuluyo kuti achimwene, izi mwatayazi si nsomba za chaka chamawa? Anati, "Bwana, tikazisiya ife akoka ena." Yankho limenelo ndi loona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi munthu mmodzi sangaithe, imafuna mfumu ndi mudzi wonse. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma mlangizi wa boma sangagone padziwe lililonse.

Bua yemweyu ndi mtsinje umene mpasa zimakwera kuchokera ku nyanja kudzaswa, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, ndiye zomwe timathira ndi dothi lomwe timakokolola kumtunda kuno zimakafika komwe zimaikira mazira. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, a mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, asodzi amachoka pachilumbapo mpaka mfumu idzatsegule, ndipo anthu amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo. Madziwe athu a m'Bua, Rusa ndi Dwangwa atha kukhala ndi miyezi yawo yopuma chimodzimodzi. Ndipo nsomba mukaigwira imenyeni pamutu ife msanga, akatswiri anapeza kuti nayo ili ndi mitsempha yomvera ululu, kungoti silira.

Mayi aja anabweranso patatha milungu itatu. Mphaka wakufa uja anasiya tiana titatu kuseri kwa matumba, kamodzi kanafa, tiwiri anatilera ndi phala ndi usipa wosinja. Anafunsa kuti tidzatseke liti, ndinawauza kuti tidikire tikwane miyezi 5, ndinawalembera tsiku pakapepala. Akuti usiku akumatitsekera m'chipinda cha chimanga. Ndinawapempha kuti akauze anebawo za lata la pa mizati ya khola, anangoti ayesa kutuma mwana, eni ake sakulankhulanabe.